Ndinasankha Ng'ombe

Anthu akamaseka kuti mkamwini banja likatha amachoka ndi bulangete lokha, ine sindiseka nawo. Bulangetelo anandipatsa, pamodzi ndi bedi lomwe, koma ndinalikana ndi pakamwa pangapa, ankhoswe ali gwa kumvetsera.

Ndine kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Zaka khumi ndi zinayi ndinali pachikamwini kwa Goliati, kwawo kwa amayi a Chisomo. Pakati pa sabata ndinkagona kukomponi, Loweruka n'kupalasa njinga kupita kumudzi. Kenako ndinayamba kudumphitsa Loweruka lina, mwezi n'kutha osaonekera (chimene chinkandigwira mwendo kukomponiko musandifunse, koma sanali tiyi). Ankhoswe anatikhazika pansi katatu. Ulendo wachinayi anabwera kudzagawa katundu.

Amalume awo a mkazi wanga, a Muhiwa, ndiwo ankayendetsa nkhani, ndipo sanandipondereze ayi.

"Nyumba ili pa dothi lathu, ndi ya ana," anatero. "Koma bambo a Chisomo anakhetsapo thukuta pano. Atenge njinga, bedi ndi zofunda zake, wailesi ndi mbuzi zitatu. Ng'ombe itsale, mkaka wake uziphunzitsa ana."

Ng'ombeyo inali yamkaka, yamawanga akuda ndi oyera, dzina lake Dona. Tinaigula chaka chimene ndinakwezedwa ukapitawo.

"Zonsezo zitsale," ndinatero ine, chifuwa chili patsogolo. "Ndikufuna Dona basi."

Achimwene anga, amene anali nkhoswe yanga, ananditsina pantchafu. "Iwe, ukaikhazika pati?"

"Ndikudziwa ine."

Apa ndiulule, poti manyazi ndinawamwa kale. Mkaka sindinkaufuna. Ndinkaganiza kuti amayi a Chisomo sangathe sabata opanda ng'ombe yawo, adzandilondola kukomponi, adzapepesa, ndipo ine ndi Dona tidzabwerera limodzi mwaulemu. Banja ndinkalifunabe, koma kugwada ndinkafuna agwade iwowo.

Amayi a Chisomo anayang'ana kukhola, kenako n'kunena motsitsa mawu, "Atenge. Koma Dona sadya tiyi."

A Muhiwa anapukusa mutu. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha."

Tinanyamuka masana, chiperoni chikuwaza. Ng'ombe inkaima paliponse n'kumacheukira kumudzi, ine ndikukoka, nsapato zikuterereka m'matope ofiira aja. Kukomponi ndinaimangirira pa bulugama kuseri kwa nyumba, poti khola kunalibe.

M'mawa mwake ndinatenga ndowa. Zaka zisanu ndi chimodzi Dona ali pakhomo pathu, ine ndinali ndisanagwirepo bere lake (mkaka ndinkakumana nawo m'kapu, utawira kale). Ndinanjuta, n'kukoka. Sipanatuluke kanthu. Ndinakoka mwamphamvu. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndowa inauluka, ine ndili chagada m'ndowe, ndipo amayi amene ndimawakalipira tsiku ndi tsiku m'munda anali ataima pamsewu ndi madengu awo kumsana.

"A Kapitawo," anakuwa mmodzi, "imeneyo siopa kudulidwa malipiro a tsiku!"

Anaseka mpaka kukafika kumunda. Tsiku limenelo sindinakalipire munthu.

Kenako njala. Esiteti yonse ndi yobiriwira kuchokera kuphiri mpaka kumtsinje, koma palibe choti ng'ombe n'kuika m'kamwa. Nsenjere zake zinatsala kudimba kwa amayi a Chisomo, madeya ankagula okha kuchigayo. Ndinakamweta udzu m'mbali mwa damu la kampani, alonda n'kundigwira ndi mtolo pamutu. Abwana anandiitanitsa kuofesi ndipo sanachulutse mawu: pofika Lachisanu ndisankhe, ng'ombe kapena nyumba ya kampani.

Dona ankalira osalekeza. Ine maso anali kumsewu, chitenje chilichonse chotulukira pakona ndinkati ndi amayi a Chisomo. Sanabwere. Sanatume ngakhale munthu wodzafunsa.

Tsiku lachitatu bere linatupa, kutentha, kulimba ngati dzungu. Ndinaitana alangizi a ziweto, iwo atagwira anandiyang'ana ngati ndapha munthu.

"Mwini wake woikama ali kuti? Ikagonanso chonchi, bere lawonongeka. Mudzagulitsa ya nyama."

Pamenepo ndi pamene mtima unandipweteka zenizeni. Ndinaganiza za Chisomo ndi mng'ono wake, kuti sukulu yawo ili m'bere lomwelo, ndipo woiwononga ndine bambo wawo.

Pobwerera kwa Goliati sindinakoke ndine. Dona ndiye ankandikoka, ine ndikuthamangira pambuyo ngati kamwana kochedwa kusukulu. Atafika analowa m'khola yekha.

Amayi a Chisomo anatenthetsa madzi, kutsuka bere, kulisisita pang'onopang'ono akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mkaka unayamba kulira m'ndowa. Ine ndinaima kunja kwa khola, chipewa chili m'manja, ndipo ndinazindikira kuti nyimboyo ndinkaimva m'mawa uliwonse wa Lamulungu, ndili m'bulangete, osadzuka n'komwe kuti ndikawagwirire ndowa.

Atamaliza ndinakhosomola. "Amayi a Chisomo, ng'ombe ndaitula, ndi ya ana. Ndiye poti Dona wabwerera, mwina nanenso..."

"Dona sanasudzulidwe," anayankha, osakweza mawu.

"Nanga njinga ija?" ndinafunsa.

"Munaikana pamaso pa ankhoswe. Ndi imene izinyamula mkaka."

Anamasula chingwe m'khosi mwa ng'ombe, kuchikulunga bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri, atapinda maondo monga ankachitira pondipatsa madzi osamba m'manja.

"Ichi ndi chanu. Munagula nokha."

Ndinabwerera wapansi, chiperoni chikuwazabe. Ndimakhala pakati pa tiyi wosaoneka malire, koma wanga ndimamwa wakuda, ndipo ndimagona pa mphasa yobwereka.

Phunziro ndiye lilipo: pogawana katundu osasankha chinthu choti mnzako amve kuwawa, umakachisenza wekha. Kungoti sindinganame kuti ndaphunzira. Chingwe chija chili pa msomali kuseri kwa chitseko. Loweruka lililonse ndimachitsitsa, n'kumaganiza zokachipereka kwa Goliati, kuti mwina angandiuze kuti ndikhale pansi ndimwe madzi. Kenako ndimachibwezera pa msomali pomwepo. Ndikakachisiya, ulendo winawo ndidzati ndabwerera chiyani?