Dzukani, Wankhonya Wodzutsa Adani Ake

Mlamu wanga Dzukani anali ndi vuto limodzi, ndipo vutolo ndi limene linkadzaza holo: akagwetsa munthu ndi chibakera, ankamudzutsa yekha. Musaseke msanga, sindinayambe. Wankhonya wanzeru zake akagwetsa mnzake amathamangira pakona n'kumapemphera kuti refu awerenge msanga mpaka teni. Iye ayi. Munthu akangoti khu! pansi, mlamu wanga ankawerama, kumulowetsa magolovesi m'khwapa, kumuimika, kumusasa fumbi pakabudula, n'kunena mwaulemu wonse: "Dzukani, akulu, pansipa mpozizira." Dzina linachokera pomwepo. La makolo ake linatsalira pachiphaso.

Dzulo kometetsa tsitsi anyamata ena amakangana kuti wankhonya wosangalatsa kwambiri m'nthawi yathu anali ndani. Amatchula anthu a pakanema, akuti uyu sanagonjepo, uyu amamaliza m'raundi yoyamba. Kumaliza m'raundi yoyamba ndiye chiyani? Munthu wasamba, wavala, wakwera mabasi awiri, matako asanafunde n'komwe pampando akuti zatha, kazipitani kwanu? Ndinawayankha mpaka wometa anazimitsa makina. Poti sanamve, ndalemba, awerenge okha.

Mlamu wanga anamenya nkhonya ka 31. Anapambana ka 9, anagonja ka 19, ndipo zitatu zotsalazo mpaka lero palibe akudziwa kuti zinatha bwanji, ngakhale refu amene analipo. Koma funsani aliyense wa imvi mumsewu wathu ngati anatulukapo m'holo kukataya madzi Dzukani ali m'zingwe. Anthu ankapirira mpaka maso kufiira.

Matendawa anawatenga kuntchito. Ankakweza ndi kutsitsa matumba a simenti pasitolo yaikulu ya zomangira, moyang'anizana ndi khonde limene ine ndimasokerapo nsapato. Kapitawo wawo anali ndi lamulo limodzi: thumba likagwa lisagone pansi, lingakoke chinyezi n'kuuma gwa ngati mwala. Zaka khumi ndi zisanu munthu akumva zimenezo m'mawa ndi masana. Mapeto ake chinthu chilichonse cholemera chikagwa pafupi naye, mawondo ankapinda okha mutu usanaganize. Anadzutsapo oledzera, njinga zamoto, ngakhale mbuzi ya eni ake imene inangogona pamthunzi kupuma.

Ine za nkhonya sindinaphunzire kwa munthu. Ndinali ndi mawu aakulu, thaulo ndi ndowa, ndipo iye anakwatira achemwali anga. Basi, ndinakhala womuthandiza pakona.

Tsiku limene dzina lake linamveka ndi lomwe anakumana ndi Chigayo, munthu wa khosi lofanana ndi ntchafu yanga. Linali Loweruka masana, holo itatentha ngati uvuni. Raundi yachiwiri Dzukani anaponya lamanja, Chigayo pansi. Refu anangoti "Wani!" n'kupeza munthu waimikidwa kale, akusasidwa fumbi.

"Iwe, ukutani?" anatero refu.

"Anagwa, bwana."

"Ndaona kuti anagwa! Wamugwetsa ndiwe!"

"N'chifukwa chake ndamudzutsa. Ndikanasiyira ndani?"

Chigayo anaphethira kawiri, anathokoza, kenaka anamuwomba mlamu wanga chibakera chimene ndinachimva m'mano mwanga ndili kunja kwa zingwe. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa: "Alamu! Musiyeni agone! Si mwana wanu ameneyo!" Tsiku limenelo Chigayo anagwa kasanu ndi kawiri ndipo anadzutsidwa kasanu ndi kawiri. Anapambana ndi iyeyo, koma potuluka anachita kufunsa anthu kuti khomo lili kuti. Amayi ena ogulitsa nthochi panja pa holo analowa mkati dengu lili pamutu, ndipo potuluka anali ndi dengu lokha, nthochi anthu atadya osalipira, iwo osadandaula.

Ochenjera anayamba kudyerapo. Kunabwera kamnyamata kena kowonda kotchedwa Kamphepo. Kakatopa kankangodzigwetsa dala kuti kapume, podziwa kuti chikepe chilipo. Kachitatu kanagwa chibakera chisanachoke n'komwe paphewa. Dzukani anakayang'ana, anakanyamula, koma ulendo uno sanakaimike. Anakaika paphewa monga amachitira ndi thumba, anazungulira nako kawiri, nakakatsitsira pampando wa pakona pake.

"Kamwetseni madzi aka," anauza mphunzitsi wake. "Kabwera kasanadye."

Holo inagwa ndi phwete. Imeneyo ndi imodzi mwa zitatu zija zosadziwika mathero.

Koma musaganize kuti analibe ukali. Tsiku lina anagwa ndi Dzukani mwini wake, chagada, maso ali kudenga. Amene anamugwetsayo anachita zoyenera, anapita pakona. Refu ali pa sikisi, tinangomva mawu kuchokera pansi:

"Akulu! Mwandisiya?"

Mnzakeyo anayang'ana kumbali.

"Ulemu mulibe? Munaleredwa kuti inu?"

Anadzuka ndi mkwiyo wokhawokha, miyendo ikukana, ndipo anamukuntha munthu uja raundi zitatu akumulangiza za makhalidwe. Atamugwetsa anamudzutsa n'kumuuza kuti, "Mwaona? Timatere."

Ndiye mundiuze, anyamata a kometa inu: wanu wosagonjayo, mumakhala mukudziwa kale mathero musanagule tikiti. Ndi Dzukani, munthu akagwa m'pamene nkhonya zinkayamba. Sankadziwa kubwerera m'mbuyo, sankadziwa kubisa nkhope, ndipo chigonjetso akachigwira m'manja ankachibweza yekha ngati chenje chopitirira. Ukamuonera unkatukwana, kuseka ndi kupemphera nthawi imodzi.

Zinthu zinasintha diso lake lamanzere litayamba kuona utsi. Dokotala anati nkhonya zithe. Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti mwini lamba wa ungwazi wa dera lathu, chimunthu chotchedwa Thirakitala, wavomera kukumana naye. Zaka zonsezo lamba anali asanamuyandikirepo. Achemwali anatikhazika pansi tonse awiri pakhonde, chipande chili m'manja.

"Kamodzi aka basi," anatero. "Mukapambana, mwasiya. Mukagonja, mwasiya. Ndipo iwe," anandiloza ndi chipande, "ukandibweretsera mwamuna wa diso limodzi wopanda lamba, usadzapondenso pano."

"Achemwali, womenya ndi ine?"

"Wopanga phokoso ndiwe."

Okonza masewerowo nawo ananeneratu poyera kuti za lamba si zachibwana. Akangokhudza munthu wogwa, wagonja pomwepo. Nkhani yonse inali imeneyo: mlamu wanga aime pakona, manja ali kwa iye mwini, mpaka refu afike pa teni. Kugwetsa Thirakitala sitinkakuopa. Tinkaopa masekondi khumi.

Ndiye tinayamba maphunziro amene dziko silinaonepo. Anzathu ankathamanga ndi kumenya thumba. Ife tinkagoneka thumba la simenti pabwalo, mlamu wanga n'kuima potero, ine n'kumawerenga. Tsiku loyamba anafika pa thuu. Lachitatu anafika pa folo, thukuta lili kamukamu ngati wakankha lole.

"Alamu, likundiyang'ana," anatero.

"Thumba lilibe maso!"

"Inu simulidziwa."

Thumba litatheka tinafuna munthu weniweni. Tinapempha wogulitsa nyama wa mumsewu wathu, bambo wa mimba yake, kuti azigona pabwalo madzulo aliwonse akatseka. Anavomera mosavuta, moti tsiku lachiwiri anagona tulo tenitweni n'kuyamba mkonono. Dzukani anapirira mpaka seveni, kenaka anathamangira m'nyumba kukatenga pilo. Ndinaponya ndowa kuseri kwa mpanda.

Nzeru inachokera kwa achemwali. "Vuto ndi maso," anatero. "Akafika pakona atembenuke, ayang'ane anthu, atsinzine." Tinayesa, zinatheka. Teni yathunthu, kasanu motsatizana, wogulitsa nyama ali gone. Ndinavina pabwalo mpaka agalu a oyandikana nawo anauwa.

Tsikulo holo inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. Thirakitala analowa lamba ali m'chiuno, akuwala ngati galasi la basi yatsopano. Raundi zisanu zoyamba mlamu wanga anadya zibakera zokwana mudzi wonse. Ndinkamupukuta, kumuthira madzi kumutu, theka la ndowa n'kumatayikira pansi chifukwa cha phuma langa. Raundi yachisanu ndi chimodzi Thirakitala anamukankhira pakona pathu, natsitsa dzanja pang'ono kuti amalize. Lamanja la Dzukani linatulukira kumene sindikudziwa. Phu! Thirakitala anagwa ngati khoma la nyumba yakale, pafupi ndi mapazi anga.

"Pakona! Pakona, alamu! Tsinzinani!"

Anapita. Anatembenuka. Anatsinzina. Holo yonse, anthu mazanamazana, inkawerenga limodzi ndi refu. Folo. Faifi. Thirakitala osagwedezeka. Sikisi. Ndinaona mapewa a mlamu wanga akunjenjemera. Seveni. Ndinaona khosi likuyamba kupotoka. "Musacheuke! Ndikuphani ndi manja anga!" Eyiti. Diso labwino lija linatseguka.

Pa naini anali atafika kale. Mawondo pindu, msana chilili, magolovesi m'khwapa.

Belu linalira. Refu anakweza dzanja la Thirakitala, amene anali chiimire chifukwa choti wogonjayo anamugwirizira. Anthu theka ankalira, theka ankaseka, ena ankachita zonse ziwiri. Ine ndinalowa m'zingwe thaulo lili m'manja.

"Sekondi imodzi! Imodzi yokha! Chinakuvutani n'chiyani?"

Anandiyang'ana ndi nkhope yotupa ngati dzungu, nanena motsitsa mawu: "Alamu, paja panali ponyowa."

Madzi ake anali a ndowa yanga.

Sindinamuyankhule miyezi isanu ndi itatu. Ankabwera pakhonde langa ndi nsapato zosang'ambika kuti ndimusokere, ine n'kumasoka osakweza mutu. Achemwali, amene analonjeza kundithamangitsa, ndi amene anadzandikoka khutu kundibweza kwawo. "Mwamuna wanga ali ndi maso onse awiri," anatero. "Lamba ndikanaphikira ndiwo?" Tinayambanso kucheza, koma nkhani ya sekondi ija sinathe. Loweruka lililonse ndinkaiyambitsa, iye n'kumangoseka.

Zaka zinapita, fumbi la simenti linamukhala m'chifuwa. Munthu amene ankanyamula matumba awiri nthawi imodzi anayamba kupumira panjira popita kubafa. Tsiku lina ndili pambali pa bedi lake anandifunsa, osaseka: "Kodi lamba uja ndi wolemera?" Ndinazindikira kuti zaka zonsezi nayenso zinkamupweteka, ankangobisa kuti ine ndikhale ndi chokalipira.

M'mawa mwake ndinakamusaka Thirakitala. Ndinamupeza akugulitsa penti, tsitsi litayera, mimba itatsogola.

"Lamba uja si wanu, ndipo mukudziwa," ndinatero ndisanapereke moni. "Bweretsani."

"Akulu, ndikanakhala naye ndikanapereka kalekale. Anandilanda mnyamata wina chaka chotsatira. Lamba sakhalitsa pamunthu."

Ndinabwerera pakhonde langa ndikutukwana njira yonse. Ndinatenga chikopa cha mpando wa galimoto yakale, ndinadula, ndinasoka masiku atatu ndi ulusi wanga wabwino umene sindipatsa kasitomala. Pakati panafunika chitsulo chowala. Ndinalowa m'khitchini mwa achemwali iwo atapita kuchipatala kukatenga mankhwala.

Lamlungu masana tinalowa m'chipinda chake, ine ndi Thirakitala, amene ndinakamupempha kuti adzapereke lambayo, atavala jekete. Thirakitala anagwada pambali pa bedi, anachotsa chipewa, nanena kuti, "Akulu, ndikanagona mpaka teni tsiku lija, ndi inu nokha amene simunalole. Landirani katundu wanu." Anamumanga m'chiuno. Lambayo anazungulira n'kutsalako, moti ndinachita kuboola bowo lina pomwepo.

Dzukani anasisita chikopacho, anagogoda chitsulo chija ndi chala, anachiyang'anitsitsa ndi diso lake labwino.

"Alamu."

"Ee."

"Ichi si chivundikiro cha poto wa mayi a kuno?"

"Khalani chete, ndinu ngwazi."

Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ndipo achemwali anatuluka panja, akuti kukaona moto, chikhalirecho panalibe chimene ankaphika. Atapuma anandifunsa ngati tsopano ndasiya kukwiya. Ndinati ayi, sekondi imodzi ndi sekondi imodzi. Anati, "Chabwino, musasiye." Sanavule lambayo mpaka Lachinayi, tsiku limene anatisiya, ndipo anapita naye.

Holo ija pano amagulitsiramo matilesi. Pasitolo ya simenti anagula kagalimoto kokweza katundu, kamangolira pipi tsiku lonse, sikapereka moni kwa munthu. Loweruka masana msewu wathu umangoti zii, ndimamva nyundo yanga yokha. Mawu aakulu ndikadali nawo, mkwiyo ndikadali nawo wonse, koma ndikakweza mutu kuyang'ana tsidya lija palibe woti ndimukalipire. Achemwali mpaka lero amavundikira poto uja ndi mbale. Ndinawauzapo kuti ndiwagulire chivundikiro china, ananditukwana mpaka ndinaiwala chipewa.