Madesiki a Aphungu, Madesiki a Ashado

Lolemba
Mtima suli m'malo. Lachisanu kukubwera alekichala a ku koleji kudzandiona ndikuphunzitsa. Ndikalephera, chaka chonse choyeserera uphunzitsi chalowa m'madzi.

Sitandade 4 yanga: ana ngati usipa, madesiki ochepa. Okhalapo ndi omwewo tsiku lililonse: mwana wa atcheyamani a komiti ya sukulu, ana a makalaliki a pa boma, ndi anyamata amphamvu. Ena onse pansi. Basi, tizisinthana! Gulu lililonse tsiku lake. Lusungu wa ku Chikale, amene chiyambire sukulu sanakhalepo pa desiki, tsiku lake ndi Lachisanu. Alekichala adzaone chilungamo ndi maso awo.

Lachiwiri
Kodi madesiki ali ndi zipani? Ine osadziwa! Ena anapereka aphungu, ena ashado amene akufuna mpando wawo, aliyense dzina lake lolembedwa ndi penti.

Wongani wakana kukhala. "Madamu, ada anga ati ndikakhala pa desiki ya aphungu ndisakadye kunyumba." Bambo akewo ndi a mbali ya ashado. Anzake ena akukana ya ashado. Ndagawanso magulu. Masamu sitinaphunzire.

Lachitatu
Ahedi andiitana. "Madamu, ndamva kuti mwana wa atcheyamani anakhala pansi dzulo. Kodi fomu yanu ya ku koleji amasaina ndani?"

Mwanayo wabwerera pa desiki, kutsogolo kwenikweni. Manyazi andigwira.

Ku msika mayi wa nsomba akuti, "Ndinu aja mukuika ana a ashado kumbuyo?" Wandisankhira usipa wa dzana.

Lachinayi
Nzeru zatsopano: ndamata mapepala pa maina onse. Desiki ndi desiki basi!

Isanakwane nthawi ya buleki afika abambo awiri, wina wa aphungu, wina wa ashado. Anthu osapatsana moni chaka chonse, lero akundikalipira mogwirizana. Ndamatula mapepala ndekha, ana akuonerera.

Zondisowetsa mtendere:
ahedi
atcheyamani
abambo awiri aja
Lusungu, amene potuluka wati, "Mawa ndi ine, eti madamu?"

Lachisanu
Mayo ine! M'mawa lole ya aphungu yatenga madesiki awo, akuti alendo akakhalepo pa msonkhano wa mawa. Ashado atamva kuti ana a anthu a aphungu akhala pa madesiki awo, atumiza anyamata kudzanyamula otsalawo.

Alekichala afika, kalasi lili mbee! Ana onse pansi, ngakhale wa atcheyamani. Alekichalawo ndawakhazika pa ndowa yovundikira. Choko chikuthyokera m'manja. Lusungu wabwera ndi yunifomu yochapa, yosita bwinobwino. Sindikutha kumuyang'ana.

Loweruka
Ndikuwerenganso zimene alekichala analemba: "Amasamalira ophunzira onse mofanana, popanda tsankho." Ndakhoza! Kaya ndiseke, kaya ndilire.

Chimkuzamawu cha ku msonkhano chikumveka mpaka kuno: "Mwana aliyense adzakhala pa desiki!" Anthu akuwomba m'manja, atakhala pa madesiki athu.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi Lusungu wandikoka chitenje. "Madamu, Lachisanu langa lija lawerengedwa?"

Ndati ayi, silinawerengedwe, madesiki akabwera woyamba ndi iwe. Wathokoza kuti "Yewu, madamu," n'kuthamanga kukauza amayi ake.

Ahedi akuti madesiki abwera chisankho chikatha. Sindinamuuze mwanayo kuti pofika nthawi imeneyo ine ndidzakhala nditabwerera ku koleji.