Kudula Chingerezi cha Amalume

Lolemba
Njovu zagwetsa nkhokwe ya Amalume ku Jumbe, mapira onse zasesa. Pakhomo pali ana, njala ili pakhonde. Ndawapemphera ntchito kuno kukampu ya ku Nkwali, yoperekera tiyi kwa alendo oona nyama. Bwana Manijala ati ayesedwe Loweruka alendo akafika. Chofunika n'Chingerezi basi. Amalume ali nacho, anachitola kumigodi. Vuto n'lakuti n'chambiri! Ufulu tinalandira chaka chatha, mbendera yasintha, koma alendo akadali omwewo: afuna tiyi, safuna nkhani. Ntchito yanga sabata ino ndi kuchidula.

Lachiwiri
Phunziro loyamba, kuseri kwa khitchini. Mawu ololedwa:
Gudu moning'i.
Tii, sa.
Thenkyu.
Atha. Amalume akundiyang'ana ngati ndawatukwana. Ati, "Munthu wagona pakati pa afisi, ine ndingomuuza kuti tii? Iwe, mlongo wanga anakulera chonchi?"

Lachitatu
Tikuyeserera. Ine ndine mlendo, iwo anyamula thileyi. Afika, agwada, thileyi pansi, aomba m'manja. "Gudu moning'i, sa. Hawu izi silipu? Hawu izi madamu? Hawu izi chiludireni? Ingilandi, izi reni kamu?" Mpaka kufunsa mvula ya ku Ingilande! Tiyi wazizira, nyerere zalowa m'shuga. Ndikuti fupikitsani, Amalume. Ati afupikitsa kale, za mbuzi sanafunse.

Lachinayi
Ndasintha njira. Ndikuwauza kuti mzungu akati hawayu safuna kudziwa kanthu. Inu mungoti fayini, iye wadutsa kale. Sakukhulupirira, ati ndiye afunsiranji?
Masana Bwana Manijala akudutsa mofulumira, aponya hawayu. Ogo! Amalume awaimitsa padzuwa. "Mi no fayini, sa. Baki izi peyini. Elefanti izi finishi mayi fudu." Msana, njovu, chifuwa cha mwana wamng'ono, zonse mwa ndondomeko. Bwana akupondaponda pansi, anali paulendo wa kuchimbudzi. Ine ndabisala kuseri kwa dilamu ya madzi. Manyazi! Koma zonse anenazo n'zoona, ndipo mtima wandiwawa.

Lachisanu
Zoletsedwa mawa:
kugwada
kuomba m'manja
mvula ya dziko lililonse
msana
kufunsa funso, ngakhale limodzi
Avomera! Ati achitira anawo. Yunifolomu yoyera yawakhala, akuyenda nayo ngati abusa opita kukabatiza. Khuku wathu wophika ati Amalume andiposa kukongola. Anene zimenezo, bola ntchito ipezeke.

Loweruka
Alendo afika, fumbi lokhalokha. Tiyi wa madzulo pansi pa mtengo wa muwawa, mvuu zikubangula kumtsinje. Amalume atulukira ndi thileyi. Sagwada. Saomba. "Tii, madamu." Ndikunyada mpaka kufuna kuvina!
Dona wina wathupi labwino awamwetulira, awayamika mwaulemu. Basi ndaona nkhope ya Amalume ikusungunuka. Munthu wawachitira ulemu, iwo angachoke osabweza? Funso safunsa, lonjezo asunga. Angoyamikira: "Madamu, yu veri fati. Veri veri fati!" Atembenukira kwa mwamuna wake: "Yu fidi madamu gudu. Welo dani, sa."
Mayo ine! Dona afiira, misozi mbwee, athawira m'kanyumba kawo. Mwamuna akutsokomolera m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Manijala akuyang'ana ine.
Ndikanaletsa bwanji? Kwathu mkazi ukamuuza kuti wanenepa amakuphera nkhuku. Inenso sichinandibwerere m'mutu.

Lamulungu
Manijala ati patebulo ayi, ngakhale pafupi ndi tebulo. Ntchito ina palibe. Yunifolomu ndabweza. Ufa wanga wa resheni tizigawana mpaka mapira atsopano. Mkazi wanga sindinamuuze, ndidikira ayambe waseka.
Ndawaperekeza kumsewu wa ku Jumbe. Akuyenda chozolika njira yonse, ine chisoni chandigwira, ndikuyesa akulira ntchito. Pafupi ndi msewu aima, apukusa mutu. Ati, "Mwana wa eni ake uja ndamumvera chifundo. Kunenepa bwino chonchija, kwawo konse palibe anamuuzapo. Waona mmene analirira?"
Ndati ndaona, Amalume.