Chitini cha a Yatsala

Kuyambira pa boma la Petauke kutsetsereka mpaka ku Nyimba, panalibe chinthu chimene chinalowa m'manja mwa a Fabian Njobvu n'kutulukamo ndi mabauti ake onse. Muwapatse wailesi, njinga, pulaimasi, ngakhale loko wa pachitseko, iwo amasula, apukuta, amanganso, chinthu chija n'kudzuka ndithu. Koma pamphasa pamatsala tizitsulo tiwiri kapena titatu. Mwini wake akaloza, a Njobvu ankatola kachitsuloko, kukayang'ana ngati akukaona koyamba, n'kunena kuti, "Iyi yatsala." Basi, m'chitini gobede! Chinali chitini chachikulu cha mafuta ophikira, ndipo ankapita nacho kulikonse, kutchalitchi komwe. Dzina loti a Yatsala linachokera pamenepo, ndipo lenilenilo ankalikumbukira ndi akazi awo okha, mai Doris, makamaka akakwiya.

"Mzungu anali na mantha," ankatero mwini dzinayo m'Chinsenga chakwawo. "Pofunika mabauti atatu, yeve aika sikisi. Neo nichotsako chabe mantha."

Sukulu ya umakaniko sanaipondeko, ndipo ankanena zimenezi monyadira. Mbiri yawo inayamba tsiku la ufulu lenilenilo. Pabwalo la mpira anthu anali atadzaza, mbendera yatsopano ili m'manja mwa ana a sukulu, koma chimkuzamawu chili duu. A Yatsala anachitsegula ndi mpeni, natulutsamo tizitsulo tinayi, chinthu chija n'kubangula moti mbuzi za ku Msanzala akuti zinabwerera kukhola patatha masiku awiri. Vuto linali limodzi: chinakana kuzima. Choncho pamene a Abednego, tcheyamani wa chipani m'deralo, anamaliza kulankhula za dziko latsopano n'kunong'oneza mnzawo kuti, "Mowa uja mwanisungila?" bwalo lonse linayankha pamodzi kuti, "Tasunga!"

Makina osokera a mai Josephine nawo anachira, koma anayamba kusoka chobwerera m'mbuyo.

"Bambo Njobvu, nsalu ibwela kuli ine m'malo mopita kutsogolo!"

"Nanga isoka olo siisoka?"

"Isoka."

"Lomba vuto ni mpando. Nkhalani mbali iyo."

Mai Josephine anatembenuza mpando, ndipo anasoka choncho zaka khumi ndi ziwiri.

Wina akhoza kufunsa chifukwa chimene anthu ankapitirabe kwa munthu wotere. Ameneyo sanakhaleko zaka zimenezo. M'masitolo munalibe sopo, munalibe mafuta, nanji zipangizo za galimoto. Ukafunsa bauti, wogulitsa ankakuyang'ana ngati wafunsa mkaka wa nkhuku. Walira mvula walira matope: ukafuna kuti chinthu chako chidzuke, unkavomera kuti chidzuka chopepuka pang'ono.

A Mubita Kalaluka okha ndiwo ankakana. Iwowa anali mphunzitsi wochokera ku Mongu, amene boma linawaponya pasukulu ina panjira ya ku Nyalugwe. Anali munthu wa dongosolo, wosita ngakhale mpango wa m'thumba, woŵerenga choko asanatseke kabati. Kwa iwo bauti yotsala inali tchimo. Akakumana ndi a Yatsala pamsika ankapereka moni mwaulemu, kwinaku atagwira wotchi yawo ndi dzanja linalo.

Tsono m'chaka cha 1978 kunabwera kalata yochokera kwawo. Bambo awo okalamba anauza wolemba kalatayo kuti maso awo akuzima, dzuŵa akuliona ngati lili kuseri kwa utsi, ndipo akufuna kuona mdzukulu wawo Mbumwae mdima usanatseke. Mwanayo anabadwira kuno kum'maŵa, anali ndi zaka zinayi, agogo ake sanamuonepo. Mabasi nthaŵi imeneyo ankabwera mwa mwayi ngati mvula ya mu Okutobala, ndipo tchuthi chinali cha masabata atatu okha. Chiyembekezo chonse chinali pa kagalimoto kakale kamene a Mubita anagula kwa mzungu wina wa fodya pochoka. Kanali katagona kuseri kwa nyumba chaka chathunthu, nkhuku zikuikira mazira pampando wakutsogolo.

"Itanani a Yatsala," anatero akazi awo, mai Namakau.

"Uja achotsa vitsulo? Motoka yanga?"

"Manje muzapita ku Mongu na mendo?"

A Mubita anameza malovu, natuma uthenga.

A Yatsala anafika panjinga, chitini chili pakaliyala, malegeni atawakulunga m'khosi. Malegeni ndi timizere ta mphira todula ku chubu chakale, ndipo kwa iwo anali mankhwala a matenda onse. Anazungulira galimoto katatu, naimenya pamphuno.

"Yagona chabe iyi, a Ticha."

"Izauka liti?"

"Mailo."

M'maŵa mwake injini yonse inali pamphasa, zidutswazidutswa.

"Bambo Njobvu, munakamba kuti mailo."

"Ee, mailo ninagwilapo maningi."

"Nikamba mailo yakutsogolo!"

"Nayo ibwela, a Ticha. Siinaphonyepo."

Apa a Mubita anazindikira kuti liwu limene kuno timatchulira dzulo ndi maŵa lomwe analipangira anthu ngati a Yatsala. Masiku asanu ndi limodzi a tchuthi anapita ndi mailo ameneyu. Usiku sankagona, masana ankaima pambali ndi kope, kulemba chitsulo chilichonse chotuluka. Tsiku lachisanu ndi chiŵiri a Yatsala anagunditsa mawaya aŵiri, galimoto inatsokomola, inalavula utsi wakuda ndi nthenga za nkhuku, kenaka n'kulira bwinobwino. Ana a sukulu anavina. A Mubita okha ankayang'ana beseni losambira la mai Namakau, lodzaza theka ndi zitsulo.

"Ivi vonse?"

"Vatsala. Mantha yekayeka."

Galimoto inadzuka ndi makhalidwe atsopano. Ukaponda buleki, hutala inkalira. Chitseko cha dalaivala chinkatsekedwa ndi malegeni. Thanki ya mafuta inkadontha, ndipo a Yatsala anaimata ndi sopo womaliza wa mai Namakau, amene anamuimira pamzere kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa pamutu. Mayiyo sanawayankhule mpaka pa Kacholola. Inde, a Yatsala anakwera nawo. Anati wodwala wongotuluka m'chipatala sayenda wopanda dokotala, nakhala kumbuyo ndi Mbumwae, chitini pamiyendo.

Potsika mapiri opita ku Luangwa, buleki inali pansi njira yonse, choncho hutala inalira osapuma makilomita ambirimbiri. Anthu a m'mbali mwa msewu ankavula zipewa poganiza kuti kukudutsa wamkulu wa boma. Pa mlatho msilikali analoza chitini ndi mfuti.

"Muli chani umo?"

"Petauke yonse, bwana," anatero a Yatsala, natsegula. "Aka ni ka wailesi ya abusa. Aka ni ka msampha wa mbeŵa wa a Simon. Aka..."

Pofika pa kachitsulo ka makumi aŵiri msilikali uja anawapempha mwaulemu kuti apitirire.

Madzi a mu injini atayamba kuchucha kufupi ndi Lusaka, a Yatsala anathiramo ufa wodzaza manja aŵiri ndi dzira limodzi. Kubowoka kunatsekeka, ndipo galimoto inalowa mumzinda ikununkhira ngati chikondamoyo. Lamba wa injini ataduka anamangapo lamba wa buluku lawo, ulendo wotsalawo n'kuuyenda atagwira buluku ndi dzanja.

Tsiku lachitatu masana, atadutsa Kaoma, pakati pa mchenga ndi mitengo yokhayokha, tayala lakumanzere linaganiza zopita kwawo. Galimoto inakhotera m'tchire n'kuima, hutala ikulira. Atasuzumira pansi anapeza kuti nati yogwira chitsulo cha chiwongolero yagwa, yatayika mumchenga. Anasefa mchengawo ndi manja ola lathunthu, osaipeza. Msewu unali zii.

Pamenepo dongosolo lonse la a Mubita linatha. Munthu amene sanakwezepo mawu ngakhale kwa mwana wa sukulu anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka.

"Ndimwe! Beseni yonse ya vitsulo munachotsa! Atate anga azafa khungu osamuona mwana uyu chifukwa cha chitini chanu!"

Mbumwae anayamba kulira. A Yatsala anapempha chitenje kwa mai Namakau, nachiyala pamchenga, nakhuthulirapo chitini chonse. Zinali zitsulo za zaka khumi ndi zinayi. Anazipalasa ndi chala pang'onopang'ono, milomo ikuyenda ngati akutchula maina a achibale. Kenaka anatola nati imodzi yakuda, naipukuta pamalaya.

"Iyi ni ya chigayo cha ku Nyampande. Inatsala chaka chija kunagwa matalala."

Anakwawira pansi pa galimoto. Nati ija inalowa ngati inabadwira pomwepo. Anaimanga ndi sipanala, napindirapo waya, nakulungapo malegeni kuti mtima ukhale pansi. Potuluka, mchenga uli mbuu kumutu, dzanja lili pabuluku, anati, "Chinthu sichitsala chabe, a Ticha. Chilindila nchito yake."

A Mubita anachita manyazi kwambiri mpaka kukafika ku Mongu.

Anapeza bambo awo atakhala pansi pa mtengo wa mango. Nkhalamba ija inamva mawu a mwana wake, inatambasula manja, Mbumwae n'kumuika pamiyendo pake. Inayamba kumupapasa kumaso ndi zala, mphumi, mphuno, chibwano, maso ake akuyang'ana kumbali. Mtima wa a Mubita unasweka. Anaona kuti achedwa, ndipo anaŵerenga mumtima masiku asanu ndi limodzi aja a mailo.

Koma a Yatsala sankayang'ana nkhope ya munthu. Ankayang'ana thumba la malaya, mmene munkasuzumira magalasi a maso opindika, opanda mwendo umodzi. Galasi lina linali litagweruka kalekale, nkhalamba ikulisunga m'kansalu, poti kumeneko panalibe wolibwezera. Dzanja la a Yatsala linapita lokha.

"Iyayi!" anakuwa a Mubita. "Aya yeka osagwila!"

Mochedwa. Nsonga ya mpeni inali italowa kale. A Yatsala ankalankhula Chinsenga, nkhalamba ikuyankha m'Chilozi, palibe womva mnzake, koma onse akugwedeza mutu mogwirizana. Anawongola, anabwezera galasi, anapinda kawaya, ndipo m'malo mwa mwendo wosowawo anamangapo malegeni ozungulira kumbuyo kwa mutu. Magalasi anakhala pamphuno chopendekeka, lina m'mwamba lina m'munsi.

Nkhalamba inasendeza mwana pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugundana. Inamuyang'anitsitsa kumaso. Kenaka inaseka, misozi ikutsika pansi pa magalasi, niuza a Mubita kuti mwanayu waba makutu a malemu agogo ake aakazi, ndiponso kuti wamwetulira ndi kampata ka m'mano komweko. Zinali zoona, ndipo zala sizikanaona zimenezo. A Mubita anagwada pamchenga ndi buluku lawo lositasita, nalira ngati mwana.

Kumbuyo kwawo kunamveka mawu odziŵika bwino.

"Iyi yatsala."

Kanali kabauti kakang'ono ngati njere ya mapira. Sikanalire n'komwe pogwera m'chitini.

Agogo aja anaona mdzukulu wawo masiku asanu. Mvula ya chaka chimenecho isanathe maso anatsekeratu, ndipo chaka chotsatira anamwalira. Galimoto inabwerera kum'maŵa ikuliza hutala, niyenda zaka zina zisanu ndi chimodzi ndi nati ya chigayo. Kuyambira pamenepo a Mubita ankavula wotchi yawo okha n'kuipereka kwa a Yatsala ikangochedwa. Inkabwerako ikuthamanga mphindi khumi, ndipo ana a sukulu ankaŵeruka msanga, osadandaula.

A Yatsala anatisiya mu 1989, atadwala miyezi ingapo. Manja atayamba kunjenjemera moti sipanala inkagwa, anthu ankaganiza kuti angokhala. Koma mai Doris ananena pambuyo pake kuti tsiku lililonse ankakhuthula chitini pamphasa, kutola kachitsulo kamodzikamodzi n'kutchula mwini wake, mayiwo akukulunga m'pepala ndi kulemba dzina. Sanaphonye ndi kamodzi komwe. Atabwerako kumanda, mai Doris anakhala pakhonde ndi lichero la timapepala, naitana maina ngati pasukulu. Mai Josephine analandira tiŵiri. A Abednego, atakalamba ndi ndodo, analandira tinayi ta chimkuzamawu, wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "Tasunga!" Anthu anaseka pamaliro mpaka abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo.

Masiku ano zinthu zikafa ku Petauke ndi ku Nyimba zimafadi. Amakaniko a satifiketi amabwezera bauti iliyonse pamalo pake, kenaka n'kukuuza kuti ugule chatsopano. Kuseri kwa nyumba zambiri kwagona mawailesi ndi mapulaimasi athunthu, osasowa kachitsulo ngakhale kamodzi, koma ali duu. Njinga ikadutsa ndi katundu wogobedeza pakaliyala, achikulire amatembenukabe.

Dzina la a Mubita linaitanidwa kumapeto. Ankayembekezera beseni lathunthu, koma mai Doris anati zitsulo za galimoto zinapita kalekale m'njinga, m'zigayo ndi m'mipope ya anthu ena. Anawapatsa kapepala kamodzi kopepuka ngati mulibe kanthu. Pamwamba panalembedwa kuti, "Magalasi a atate awo a Ticha." Anakatsegula mosamala, atatchinga mphepo ndi thupi.

Mbumwae, tsopano mtsikana wa ku sekondale, anasuzumira m'dzanja la bambo ake.

"Kanchito yanji aka, atate?"

A Mubita anakulunganso kapepalako, nakaika m'thumba la malaya, mmene bambo awo ankasungira magalasi.

"Kanalindila," anatero potsiriza. "Lelo kagwila nchito yake."