Tsiku limene ndinachapa bulangete la a Chisale

Mpaka lero ndikaona bulangete lamatope ndimalilambalala ngati njoka. Chifukwa chake nachi, ndipo ndikulumbira, sindikukometsera.

Tili pa yunivesite ku Bindura, aphunzitsi anatimwaza m'madera oyandikana nafe kuti tikaphunzire kwa anthu kwa sabata ziwiri. Ine ananditumiza ku Kitsiyatota, kumene ambiri amalankhula Chichewa, poti nane ndimachidziwa (cha kukhitchini kwa amayi ku Chiwaridzo). Ondilandira anali a Chisale, mkulu amene anakalambira mumgodi, tsopano akusefa golide kumtsinje. Akanapanda kusaina pepala langa la ku yunivesite, chaka ndikanabwereza.

Anali katswiri mkulu ameneyo. Ankanyambita mwala n'kukuuza ngati muli kanthu. Tsiku lina ananunkhiza dothi nati, "Apa ayi," dothilo n'kuchita manyazi. Ndinaona ndi maso angawa.

Iwo ankathira matope ndi madzi pa thabwa lopendekeka lomwe anayalapo bulangete. Ine yanga inali yolemba m'kope. Lachisanu atapita kukagula fodya, ndinati ndiwathandizeko. Bulangete lija linali litada moti likanatha kuimirira lokha. Ndinatsika nalo kumadzi, kulipaka sopo, kulimenya pamwala, kulitsukuluza katatu (tinali titangophunzira za ukhondo), n'kuliyanika pachitsamba.

Atabwera analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanangu, wachapa ndani?"

"Ndine, sekuru." (Kwathuko agogo timawatchula choncho.)

"Layera zedi. Golide wa sabata yonse amatsalira mu ubweyamo. Maita basa, zikomo kwambiri."

Iwo sanakalipe. Anangofunsa mwala umene ndinamenyerapo, nayang'ana mmene madzi akukhotera, n'kuloza kuseri kwa mwala wina chakumunsi pang'ono.

"Golide ndi waulesi ngati mwana wasukulu, sapita patali. Fukula apa."

Ndinafukula mchenga masiku atatu, iwo akupeta m'mbale yawo yachitsulo, nsomba zikundiseka (ina mpaka inatsamwa). Tsiku lachitatu pansi pa mbale panawala timadontho tachikasu. Golideyo sanabwerere yense, koma wambiri ndithu.

Pepala anasaina. Pamzere wofunsa zimene wophunzira wathandiza anthu a m'deralo, anandibwezera cholembera.

"Lemba wekha, uli ndi dzanja labwino. Lemba kuti kuchapa."

Masiku ano mkazi wanga amadandaula kuti sindikhudza mabulangete akamachapa. Ndimamuuza kuti zimenezo ndinaziphunzira ku yunivesite, ndipo pepala lake lilipo.