Anthu 28 pa Chithunzi Chimodzi

Lolemba
Azakhali a ku Dedza akufuna chithunzi cha mbumba yonse ya bambo. Sanaonane chibwerereni bambo kuno kumigodi ya ku Chakari, ndipo maso a azakhaliwo ayamba kuchita khungu. Ndawerenga: tilipo 28. Ndavina ndekha m'khitchini! Nambala yangwiro imeneyi: manambala oigawa, 1, 2, 4, 7 ndi 14, ukawaphatikiza ukupezanso 28. Ndiponso 1+2+3+4+5+6+7. Ndiye Loweruka tiima mizere isanu ndi iwiri: bambo okha kutsogolo, awiri kumbuyo kwawo, kenako atatu, mpaka kumapeto. Digiri yanga yapeza ntchito.

Lachiwiri
Pulani yatha. Mayi aiyang'ana kamodzi: "Iwe, ine ndiime phewa ndi phewa ndi mkamwini wanga? Kusukulu kuja unkaphunzira chiyani?" Akamwini alipo anayi, onse oletsedwa kuyandikira apongozi. Kuyunivesite palibe anandichenjeza za apongozi. Ndafufuta, ndalembanso.

Lachitatu
Mlamu wanga wa ku Chegutu wachira, mwana wamkazi. Nthungululu dera lathu lonse la Kadoma. Inenso ndakondwa, komatu 29! Nambala yodzikonda, yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Kudikira mpaka Lolemba kukanamuvuta chiyani mwanayu?

Lachinayi
Mayi akuti khanda silituluka m'chikuta mchombo usanagwe, make chimodzimodzi. Tatsala 27. Imeneyo ndi 3×3×3, yabwino pounjika makatoni, osati anthu. Ndikusowa munthu mmodzi. Aliyense, bola wosamba.

Lachisanu
Mng'ono wanga wa ku Selous akubwera ndi chibwenzi chake. 28! Mtsikanayu sindinamuone, koma ndavomereza kale ukwati.

Loweruka
Zofunika: mpando wa bambo, choko cholembera mizere pansi, mawu okweza.
Bambo atulukira ndi a Phiri, mnzawo wa kumgodi, ana ndi adzukulu a mnzawoyo pambuyo. "Awanso ndi a Phiri ngati ife, ndi magazi athu. Ukufuna aime kumsewu?" Awonjezera asanu ndi anayi. 37! Yodzikondanso. Ndikufotokoza za makona atatu, adzukulu akundiyankha m'Chishona kuti sadza, nsima yakuno, ikuzizira.
Kenako bambo: "Popanda khanda palibe chithunzi." Tonse m'makombi awiri, maminibasi akuno, ulendo wa ku Chegutu, tikuimba. Mlamu waonetsa mwana pawindo, enafe tadzazana panja ngati mbuzi pachipata. Akamwini anayi athawira kuseri kwa mtengo wa mango, akuoneka makutu okha. Bambo akuseka mpaka misozi.

Lamulungu
Azakhali aimba foni. Akuti chithunzi achikulitsa, akhudza nkhope iliyonse ndi chala, alira, aseka, mlongo wawo wakalamba ngati malemu agogo. Kenako: "Nanga wophunzira uja ali pati?"
Ndayang'ana. Mulibemo. Wojambula ndinali ine.
Sabata yonse ndikuwerenga anthu, osaganiza kuti foni agwira ndani. Azakhali akuti nditumize changa chandekha. Chabwino. 1 nayonso ndi nambala.