Ndinadula Mphindi Ziwiri za a Ngozo

Pa Mwanza Boma pano anyamata a kabaza anasiya kunditchula dzina. Ndikamadutsa pamsika amakuwa, "Maso kuno, madala!" kenako n'kumaseka. Sindiwayankha. Koma popeza aliyense akuifotokoza nkhaniyi mowonjezera zake, ndati ndiilembe ndekha, kamodzi, ithe. Ndatopa nayo.

Ine ndine wojambula zithunzi. Ndinayamba nthawi ya filimu, pamene munthu ankasamba ndi kudzola mafuta asanabwere kudzajambulitsa. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kuimika anthu pamzere palibe angandiphunzitse. Maukwati, maubatizo, zithunzi za ziphaso za odutsa pachipata kupita ku Mozambique, zonsezo zadutsa m'manja mwangamu. Lero aliyense ali ndi foni, amadzijambula yekha atapotoza milomo (zimenezo sindizitcha zithunzi). Ntchito inachepa. Mawondo nawo anayamba kudandaula.

Chimene chandikalambitsa si zaka ayi, ndi anthu. Munthu sadziwa kuima. Ukati "musasunthe," pomwepo amakumbukira kuti mphuno ikuyabwa. Wina atsinzina, wina acheuka kuona mbuzi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha anthu kuti aime chilili kanthawi kochepa chabe, ndipo sanandimverepo.

Mwezi wa Novembala uja kunabwera mayi wina wochokera kwa Nthache, a Nangozo. Anakhala pabenchi la pakhonde panga, n'kuyamba apukuta thukuta.

"Bambo anga, a Ngozo, ndi msilikali wakale, wa nkhondo ya ku Burma ija," anatero. "Lamulungu lino akukawatenga pagalimoto kuti adzakhale nawo pamwambo wokumbukira asilikali. Pakhomo tilibe chithunzi chawo. Chimene chinalipo chiswe chinadya."

"Abwere kuno ndiwakhazike pampando."

"Akana. Akuti msilikali sajambulidwa atakhala ngati akudikira mapilitsi kuchipatala. Akufuna ataimirira, mendulo zili pachifuwa."

"Ndiye aimirire."

"Vuto lake ndi limenelo, bambo. Miyendo inatha. Amaimirira kamodzi kokha, pamwambopo, kanthawi kochepa. Akakhala pansi ndiye kuti zatha. Nanga chaka chamawa tidziwa bwanji ngati..."

"Mayi, musandiphunzitse ntchito," ndinatero. "Chithunzi chanu muchilandira."

Mwambo umenewu ndinali ndisanapitekopo. Sindinafunse aliyense momwe umayendera. Kufunsa ndinkakuona ngati kwa anthu ophunzira kumene ntchito.

Tsikulo dzuwa linali loswa mutu. Mitambo yakuda inaunjikana chakumalire, kumangoopseza osagwetsa kanthu. Mabwana anakhala mutenti. Asilikali akale anawaika pamipando ya pulasitiki kutsogolo kwa bwalo. Ambiri anali aja anakalondera njanji ku Mozambique, anthu a mphamvu zawo ndithu. Okalambitsitsa anali owerengeka. A Ngozo anali kumapeto kwa mzere, munthu wamng'ono m'jekete lalikulu, mendulo zowala ngati azikwecha ndi phulusa, kaduwa kofiira ka pepala pakolala. Ndinawapatsa moni. Anangondiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

Zolankhula zinatalika. Bwana aliyense akanyamuka ankandikodola kuti ndimujambule, ine n'kumajambula (bwana akakukodola sukana). Uyu akutsegula pepala, ndajambula. Uyu akupukuta magalasi, ndajambula. Posakhalitsa kamera inaphethira kofiira n'kuzima. Mabatire. Ndinali nditagula aja otchipa a pamsika, oyalidwa padzuwa pamodzi ndi mankhwala a makoswe.

Ndinayang'ana a Ngozo. Anali chikhalire. Bwana wina anali atangoyamba kumene kuthokoza anthu mmodzimmodzi. Ndinati nthawi ilipo. Ndinazemba kuseri kwa tenti.

Sindinathamange. Munthu wa msinkhu wanga sathamanga pagulu. Lamulungu sitolo zambiri zimakhala zotseka, koma ya Che Saidi, kuseri kwa bwalo pomwepo, inali yotsegula.

"Mwasowatu, achimwene," anatero Che Saidi. "Kunyumba adzuka bwanji?"

"Mabatire, Che Saidi."

"Enieni, kapena aja mumawakonda aja?"

"Enieni. Fulumirani."

"Ehe, lero kwagwanji? Nanga mawondo aja?"

Anafunsa za mawondo, za akazi anga, za mbewu ngati ndagula kale. Ndili pomwepo ndinamva lipenga likulira kubwalo, motalika, momvetsa chisoni. Ndinati abandi ayamba kuyesa zida zawo. Zimene sindinamve ndi zimene wotsogolera mwambo anali atangolengeza kumene: lipenga likalira aliyense aimirire, akhale chete kwa mphindi ziwiri kukumbukira amene anafera kunkhondo. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Aliyense pabwalopo ankazidziwa, ngakhale amayi ogulitsa mango.

Nditafika ndinaima kaye. Sindinaonepo zotere. Bwalo lonse zii. Mabwana chilili. Ana asukulu chilili. Amayi a mango chilili, madengu ali pansi. Palibe wokanda mphuno. Palibe wocheuka. Asilikali akale onse anali ataimirira, ndipo kumapeto kwa mzere a Ngozo anali njo, ndodo itagona pansi, dzanja lili pachipumi.

Mumtima ndinamva kukoma. Ndinati: potsiriza boma lazindikira ulemu wa wojambula. Andiona ndachoka, andidikira, ndipo adzikonza okha.

Ndinalowa pakati pa bwalo mosapupuluma.

Ndikanangodina pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe. A Ngozo anali m'diso la kamera, athunthu, kuyambira chipewa mpaka nsapato. Koma maso a ntchito ndi ovuta. Ndinaona kuti mzere wakhota. Wamtali wina anatsogola pang'ono, mthunzi wake n'kugwera pankhope ya a Ngozo. Mendulo imodzi inali itatembenuka. Chithunzi chotero sichituluka m'manja mwanga.

Ndinayamba ndi manja, kumukodola wamtaliyo kuti abwerere m'mbuyo. Sanasunthe. Ndinawomba m'manja kawiri. Palibe anaphethira. A Nangozo, ali m'gulu la amayi, ankandipukusira mutu mwamphamvu, maso ali tong'o. Ndinawakwezera dzanja kuti asade nkhawa, zonse zili m'manja mwanga.

Kenako ndinaganiza: awa ndi anthu a mizinga, makutu anagontha kalekale. Chokuzira mawu chinali pafupi, pamtengo wake, chosazimitsa. Ndinachigwira.

"Inu aatali inu, bwererani m'mbuyo! Enanu maso kuno, madala! Maso kuno!"

Mawu anga anamveka mpaka ku depoti ya maminibasi (ananditsimikizira ambiri pambuyo pake, osafunsidwa). Komabe palibe anasuntha. Nkhope zonse zinali zolemera, zina misozi ili m'masaya. Ndiye ndinanena chimene ndimanena paukwati uliwonse anthu akauma:

"Tamwetulirani pang'ono! Mwaumitsiranji nkhope ngati muli pamaliro?"

Mwana wina wasukulu anaphulika kuseka, mphunzitsi n'kumugwira pakamwa. Mutenti wina anatsokomola. Ine ndinasiya chokuzira mawu, n'kupita kwa a Ngozo. Ndinatembenuza mendulo ija. Ndinawawongola kolala. Milomo yawo inkayenda pang'onopang'ono, ine ndinkati ndi ukalamba. Ndinawagwira chibwano kuti akweze mutu.

Apo m'pamene anatsitsa maso. Sanatsitse dzanja.

"Choka, mwana iwe," anatero, mano ali okukuta.

Ine wa imvi mutu wonse, wa zidzukulu zokwatiwa, kutchedwa mwana. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kukweza kamera. Pomwepo dzanja lolimba linandigwira pachigongono. Chala changa chinadina chokha. Lipenga linaliranso.

Anali wapolisi wamkazi, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Ananditengera kuseri kwa tenti ngati akuwolotsa nkhalamba pamsewu.

"Agogo, mwamwa?"

"Sindimwa. Ndili pantchito."

"Ntchito yanji yokuwa anthu akulira maliro? Mphindi ziwiri zokha, agogo. Chaka chathunthu, mphindi ziwiri. Zakukanikani?"

Anandifotokozera zonse. Sindinapepese kwa iye. Ndinangofunsa ngati ndingapite.

"Pitani. Koma chokuzira mawu chija musachiyandikirenso."

Pamene ndinkabwerera, mabwana anali akuika nkhata za maluwa, ndipo a Ngozo anali atakhala kale. Ankapuma movutikira, jekete litanyowa. A Nangozo anagwada pambali pawo kuwamwetsa madzi. Sanandiyang'ane.

Ndinavula chipewa. "Bambo, mungaimirirenso pang'ono? Kamodzi kokha."

"Ndinaimirira anzanga," anatero a Ngozo. "Sindinaimirire iwe."

"Sindinadziwe, bambo."

"Sunadziwe." Anapuma. "Lipenga likalira ndimatchula mayina awo, amene tinawasiya kuja. Mmodzimmodzi, mmene tinkaimira pamzere. Watsala wowatchula ndine ndekha. Iwe wandidula pa Jemusi. Enawo chaka chino sanatchulidwe."

Kenako panabwera anyamata awiri. Anawanyamula ndi mpando womwe kupita nawo kugalimoto.

Kunyumba ndinatsegula kamera. Mabwana mbwee, wina akupukuta magalasi, wina akuyasamula. Cha a Ngozo chinalipo chimodzi, chija chinadinika chokha. Chopendekeka. Chigongono cha wamtali uja chikuoneka kumbali. Koma anali ataimirira, dzanja pachipumi, mendulo zili bwino, maso akundibaya ngati akufuna kundiponyera m'chitokosi. Pakamwa pali potsegula pang'ono, ngati mawu aja sanathe kutuluka.

Ndinachitsukitsa, n'kuchiika m'felemu. Kenako chinangokhala pamwamba pa kabati, ine osakachipereka. Ndinkati mvula, ndinkati matope, ndinkati mawondo. Akazi anga tsiku lina anachitsitsa n'kuchiika pafupi ndi kapu yanga ya tiyi.

"Mukudikira kuti amwalire?" anafunsa.

Ndinapopa njinga.

Kwa Nthache ndinafika nditakankha njinga kuposa kuikwera. Chimanga chinali chitafika m'mawondo. A Ngozo ndinawapeza pakhonde, pampando wa ndalema, bulangete lili m'miyendo. A Nangozo anandilonjera mwaulemu koma mozizira. Ndinawapatsa mayiwo chithunzi ndi manja awiri.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinati akulira, ndinakonzeka kunyamuka. Koma kunali kuseka.

"Ndi iwowa!" anatero. "Mayo ine, ndi iwowa enieni! Nkhope iyi ndi imene tinakulira ife. Ukachedwa kumadzi, nkhope yake ndi iyi."

Anachipereka kwa bambo awo. A Ngozo anachiyandikizitsa kumaso, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikizitsanso.

"Chapendekeka," anatero.

"Anandigwira mkono, bambo."

"Anachedwa." Anachiyang'ananso. "Koma ndaimirira."

"Mwaimirira."

"Chipachike pamene alendo angachione," anauza mwana wawo. Kenako analoza pabwalo ndi ndodo. "Iwe. Kaime apo."

"Ine?"

"Pali winanso? Vula chipewa. Miyendo pamodzi. Ine miyendo ndilibe, uimirira ndiwe. Ukatsegula pakamwa ndiyambiranso poyamba."

Ndinakaima. Padzuwa, pakati pa bwalo, nkhuku zikundizungulira. A Ngozo anatsinzina, n'kukweza dzanja pachipumi ali chikhalire.

"Jemusi," anayamba.

Sizinali mphindi ziwiri. Mayina anali ambiri, ndipo pakati pa dzina ndi dzina ankapuma. Ena ankawatchula ndi mudzi wawo womwe. Pena ankaima nthawi yaitali, ine n'kumati amaliza, iwo n'kupeza lina. Mawondo anayaka moto. Nyerere inakwera m'buluku. Mphuno inayamba kuyabwa, kuyabwa kwenikweni, koti m'maso munalengeza misozi. Pamenepo ndinakhululukira anthu ambiri amene ndinawakalipira pamaukwati.

Ndipo ndinaona chinthu china. Kuwala kunkagwera pankhope yawo kuchokera kumbali, kofewa, kosafuna kukonza chilichonse. Chithunzi chotero munthu amakumana nacho kamodzi pantchito yake yonse. Kamera inali m'chikwama, panjinga, pafupi pomwepo. Zala zinayamba kunyerenyetsa.

Sindinasunthe. Ndinachisiya chipite.

Atamaliza anatsitsa dzanja n'kutsegula maso. "Wayesetsa," anatero. "Ukanakhala msilikali woipa, koma wayesetsa. Mpatseni madzi."

Musaganize kuti ndinasinthiratu. Loweruka lotsatira ndinali paukwati kwa Kanduku, ndipo ndinakalipira ankhoswe a mbali zonse ziwiri mpaka mawu anasasa, chifukwa anthu sadziwabe kuima. Chimene ndinaphunzira n'chochepa: ndikapeza anthu ali chete, ndimayamba ndafunsa kuti kwagwanji. Akazi anga akuti pa msinkhu wangawu, nazonso n'zambiri.